Msana wayambanso kupweteka opaleshoni itachitika: kodi kujambula mafupa kwa nyukiliya kungapeze chavuta?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 56. Miyezi 15 yapitayo anandichita opaleshoni ya msana. Analumikiza mafupa awiri a m'munsi, L4 ndi L5, n'kuikamo masikuluwu anayi ndi tindodo tiwiri tachitsulo. Ululu umene unkatsikira m'mwendo unatha, ndipo kwa miyezi 8 ndinali bwinobwino. Koma pano msana wayambiranso, makamaka m'munsi chakumanja, ndikaima nthawi yaitali kapena podzuka pampando. Anandijambula MRI koma akuti zitsulo zasokoneza chithunzi. Tsopano dokotala akufuna ndikajambulidwe mafupa ndi mankhwala a nyukiliya. Mawu amenewa andiopsa. Sizindipatsa khansa? Ndimalera mdzukulu wa zaka 2, sindimuvulaza? Nanga chithunzicho chikaonetsa kanthu, ndiye kuti opaleshoni ina basi?"

Mayi, pepani ndi ululuwo. Zimapweteka mtima kuti munthu wapirira opaleshoni yaikulu, wachira, wayamba kuiwala, kenako msana n'kuyambiranso. Khazikani mtima pansi. Ululu wobwerera pambuyo pa opaleshoni ya msana ndi nkhani imene timakumana nayo kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri sutanthauza kuti opaleshoniyo inalakwika kapena kuti chitsulo chathyoka. Malinga ndi zimene mwalemba, dokotala wanu waganiza bwino, ndipo wasankhanso nthawi yabwino.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku lililonse timaselo tina timaligumula pang'onopang'ono, tina n'kumalimanganso. Pamene fupa lathyoka, pamene likukhulana ndi linzake, pamene chitsulo chikugwedera m'kati mwake, kapena pamene palowa tizilombo, magazi amathamangirapo ndipo ntchito yomangayo imachuluka. Kujambula kumene akutumizaniku kumafufuza ntchito imeneyi. Amakubayani jekeseni pamtsempha wa pamkono. M'jekesenimo muli technetium-99m, yomwe imatulutsa cheza chochepa, ataiphatikiza ndi mankhwala otchedwa MDP kapena HDP amene amakonda kumatirira pafupa latsopano. Pamene ntchito yachuluka, mankhwalawo amaunjikana ambiri, ndipo pachithunzi pamawala. Kamera yake siikuwombani cheza ngati X-ray. Imangolandira chimene chikutuluka m'thupi mwanu. Njirayi si yoyeserera ayi: kamera yamtunduwu anaipanga Hal Anger chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo technetium yakhala ikugwiritsidwa ntchito pojambula mafupa kuyambira mu 1971.

Tsiku lake, idyani monga mwa masiku onse ndipo mumwe mankhwala anu. Mudzaona wobaya jekeseni atanyamula sirinji yovekedwa chikhokho cholemera chachitsulo. Odwala ambiri akaona chimenechi nkhope imagwa. Chikhokhocho n'choteteza manja a wogwira ntchitoyo, amene amagwira mankhwalawa m'mawa mpaka madzulo chaka chonse, pomwe inu mulandira kamodzi. Jekeseniyo siitenthetsa thupi, siiledzeretsa, ndipo n'zosowa kwambiri kuti munthu adane nayo. Nthawi zina amakujambulani pompopompo kwa mphindi zochepa kuti aone mmene magazi akuyendera pamalopo. Kenako mumadikira maola 2 mpaka 4, mukumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, chifukwa mankhwala amene sanamatirire pafupa amatuluka kudzera mu impso. Mukabwerera mumakodza kaye, n'kugona chagada pakabedi kopapatiza. Makamera awiri amafika pafupi kwambiri ndi thupi, osakukhudzani, n'kumazungulira pang'onopang'ono. Zonse pamodzi zimatenga pakati pa theka la ola ndi ola limodzi. Kwa munthu wodwala msana, chovuta chenicheni ndi kugona phee nthawi yonseyi. Imwani mankhwala opha ululu nthawi isanakwane, ndipo pemphani pilo ya pansi pa mawondo musanayambe. Musachite manyazi kupempha, chifukwa mukamasunthasuntha chithunzi chimawonongeka.

Tsopano za mantha anu. Technetium-99m imatha mphamvu yokha: maola 6 alionse imatsala theka. Pakapita maola 24 imatsala gawo limodzi mwa magawo 16, ndipo apo sitinawerengere imene yatuluka kale ndi mkodzo. Cheza chonse chimene thupi limalandira pa jekeseni imeneyi ndi cha m'ma 3 mpaka 4 mSv (mSv ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira). Kuti muone kukula kwake, munthu padziko lapansi amalandira, pa avareji, pafupifupi 2 mpaka 3 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya, m'zakudya ndi kumwamba, osapita n'kuchipatala komwe. Akaphatikizapo CT, yomwe ndi X-ray yojambula thupi magawomagawo, chiwerengerocho chimakwera malinga ndi kukula kwa gawo limene ajambula. Sindinganene kuti chiopsezo cha khansa palibiretu, chifukwa ife pantchito yathu timatenga cheza chilichonse ngati chinthu chofunika kusamala nacho. Koma n'chochepa kwambiri, ndipo pamsinkhu wanuwu n'chochepa kuposa cha mwana kapena mtsikana. Mukachiika pambali pa kukhala zaka mukuvutika ndi ululu wosadziwika gwero lake, kapena kuchitidwa opaleshoni pamalo olakwika, ine ndingakuuzeni mosakayika kuti pitani mukajambulidwe.

Mdzukuluyo simumuvulaza. Tsiku limenelo lokha musamufungate kapena kumubereka nthawi yaitali, ndipo usiku wake agone ndi wina. Kumupatsa chakudya, kumugwira dzanja, kukhala naye m'nyumba imodzi, zonsezi palibe vuto. Mukakodza tsukani chimbudzi bwino, musambe m'manja ndi sopo. Mawa lake mubwerere ku moyo wa masiku onse. Kwa ena amene akuwerenga: mayi woyembekezera, kapena amene akukayikira kuti ali ndi pakati, anene asanabayidwe, ndipo woyamwitsa afunse malangizo a kayamwitsidwe ka tsikulo. Ngati muli ndi ulendo wa pandege m'masiku awiri kapena atatu otsatira, pemphani kalata, chifukwa makina a pabwalo la ndege amatha kumva kachotsalirako.

Tifike pamtima pa nkhaniyi. Chithunzi chimenechi chimaonetsa pamene fupa latanganidwa. Sichionetsa ululu. Paja amati utsi sufuka popanda moto, ndipo n'zoona, pamene pawala pali chimene chikuchitika. Koma munthu woona utsi ali patali sangadziwe ngati ndi moto wophikira kapena nyumba ikupsa, mpaka atafika pafupi. Fupa limene likuchira bwinobwino limawala. Fupa lothyoka limawala. Lolowedwa tizilombo limawalanso. N'chifukwa chake nthawi imene mwajambulidwa ndi yofunika kwambiri. M'miyezi yoyambirira opaleshoni itachitika, malo onse amene anabowola ndi kuikapo fupa amawala ndithu, ndipo chimenecho n'chizindikiro chakuti thupi likugwira ntchito yake. Kuwalako kumazirala pang'onopang'ono, ndipo kwa anthu ambiri chaka chikamatha kumakhala kutatsika. Akanakutumizani pamwezi wachinayi, ndikanati dikirani kaye, chithunzicho chingosokoneza. Pamiyezi 15, malo owala kwambiri pamalo amodzi amakhala ndi tanthauzo.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mufunse musanapite: kodi ndi chithunzi wamba chakutsogolo ndi kumbuyo, kapena ndi SPECT/CT? Kwa munthu amene ali ndi zitsulo mumsana, kusiyana kwake n'kwakukulu. Pachithunzi wamba, msana wonse umaoneka ngati mzere umodzi, ndipo kadontho kowala sitingadziwe kuti kali kutsogolo kapena kumbuyo. SPECT imajambula mozungulira thupi n'kutipatsa magawomagawo, ndipo CT yojambulidwa nthawi yomweyo pabedi lomwelo imatisonyeza fupa lenilenilo ndi zitsulo. Pakompyuta timaziika pamodzi. Ndikamayendetsa zithunzizo, ndimaona sikuluwu yoyera mbee italowa m'fupa, ndipo ndimatha kuona ngati kuwalako kwazungulira nsonga yake kapena kuli pakamfundo kapambali pake. Malo awiriwa atalikirana ngati kunenepa kwa chala basi, koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Ngati kumene mukupita kulibe SPECT/CT, pemphani kuti pakhale SPECT, ndipo wowerengayo aione pamodzi ndi CT yaposachedwa.

Nanga tikufufuza chiyani kwenikweni? Choyamba ndi kusalumikizika kwa mafupa, kumene madokotala amakutchula kuti pseudarthrosis. Odwala ambiri amaganiza kuti zitsulo ndiye opaleshoniyo. Ayi, zitsulo n'zongogwirizira. Cholinga ndi chakuti L4 ndi L5 amere n'kukhala fupa limodzi, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 6 mpaka 12, nthawi zina kuposerapo. Ngati fupa silinamere, masikuluwu ndi tindodoto timasenza katundu yense tokha. Poyamba munthu amamva bwino chifukwa zitsulo zagwira zolimba. Miyezi ikamapita, kugwedera kosaoneka ndi maso kumayamba, fupa lozungulira sikuluwu limadyeka, ndipo ululu umabwerera. Mbiri yanu yakuti munakhala bwino miyezi 8 kenako n'kuyambiranso imafanana ndi zimenezi, ngakhale kuti siikutsimikizira. CT ndiyo imaonetsa bwino ngati pali mlatho wa fupa pakati pa mafupa awiriwo, komanso kamzere kakuda kozungulira sikuluwu yomasuka. Koma pali nthawi zambiri pamene CT imatisiya pakatikati, mlatho ukuoneka ngati ulipo ngati palibe. Apa ndi pamene SPECT imathandiza. Ngati malowo ali zii, mwachidziwikire alumikizika kapena sakugwedera. Ngati akuwala kwambiri patapita chaka ndi miyezi, ndiye kuti pali kukhulana. Fodya ndiye mdani wamkulu wa kulumikizika kwa mafupa. Matenda a shuga osasamalidwa bwino, kufooka kwa mafupa, kuchepa kwa vitamini D ndi kumwa mankhwala a steroid nthawi yaitali zimachedwetsanso.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndachiona chikudabwitsa odwala kwambiri, vuto limatha kukhala kunja kwa malo a opaleshoni. Mafupa awiri akalumikizidwa sapindikanso, ndiye kupindika konse kumasamukira kwa anansi ake, L3 ndi L4 pamwamba, L5 ndi S1 (fupa lotsatira L5) pansi. Timfundo tating'ono ta kumbuyo kwa msana, totchedwa facet, timayamba kulema ndi kutha. Ululu wake umakula munthu akaima nthawi yaitali kapena akapindikira kumbuyo, ndipo umachepa akakhala pansi. Palinso mfundo yaikulu imene imalumikiza msana ndi chiuno, ya sacroiliac, imodzi kumanja ina kumanzere. Imeneyi imapweteka mbali imodzi, m'munsi cha pamwamba pa thako, makamaka podzuka pampando, pokwera masitepe kapena potembenuka pabedi. Mmene mwafotokozeramu, ine ndingayang'anitsitse malo awiriwa, ngakhale sindingagamule ndisanakuyezeni ndi manja. Dziwaninso kuti mfundo ya sacroiliac imatha kupweteka kwambiri chithunzi chili chete, kotero kusawala kwake sikuichotsa pamlandu.

Chachitatu ndi ming'alu. Kwa mayi amene anasiya kusamba, mafupa amafooka mwakachetechete, ndipo fupa la msana loyandikana ndi zitsulo limatha kuphwanyika n'kufupika, kapena fupa la sacrum (la kumunsi kwa msana, pakati pa mafupa a chiuno) kung'aluka, popanda kugwa. X-ray imaphonya ming'alu yotereyi kawirikawiri, pomwe pachithunzi cha technetium imaonekera patali. Ngati simunayezedwepo kulimba kwa mafupa ndi makina a DXA, ifunseni nkhani imeneyi.

Pali zimene kujambulaku sikuona n'komwe, ndipo ndi bwino muzidziwe kuti musadzakhumudwe. Mtsempha wonyamula mauthenga m'thupi (osati wa magazi) ukapanikizika suoneka. Chipsera chimene chakuta mtsempha sichioneka. Disiki (kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana) yotuluka m'malo mwake siioneka, ngakhalenso minofu yofooka chifukwa cha kudulidwa ndi kukhala osagwira ntchito. Zimenezi ndi ntchito ya MRI. Popeza yanu yasokonezedwa ndi zitsulo, dziwani kuti makina ambiri a masiku ano ali ndi kajambulidwe kapadera kochepetsa chisokonezocho, ndipo ngati kameneka sikanagwiritsidwe ntchito, kubwereza n'kotheka. Ikalephereka ndithu, pali CT myelogram, pomwe amathira mankhwala oonetsa m'madzi ozungulira mitsempha ya msana. Inu mwanena kuti ululu wa m'mwendo unatha ndipo watsala ndi wa msana wokha, ndiye kuyambira kumafupa n'komveka. Ukadzayambanso kutsikira m'mwendo, funso lidzakhala lasintha.

Nkhani ya tizilombo ndiyofunika kuisamala payokha. Pazitsulo pamatha kukhala tizilombo tosachita phokoso, monga Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense. Sititenthetsa thupi, sititulutsa mafinya, timangomasula sikuluwu pang'onopang'ono. Chithunzi cha technetium chimawala, koma sichingasiyanitse sikuluwu yomasuka chifukwa cha tizilombo ndi yomasuka chifukwa cha katundu. Choncho magazi ayezedwe CRP ndi ESR, zimene zimasonyeza ngati m'thupi muli kutupa, ngakhale kuti pa tizilombo tozemberati zotsatira zimatha kutuluka zabwinobwino. Kujambula kogwiritsa ntchito maselo oyera a m'magazi, kumene kumathandiza pa bondo ndi chiuno, sikudalirika pamsana. Pamsana timadalira kwambiri kujambula kwina kwa nyukiliya kotchedwa FDG PET/CT, kapena kwa mankhwala a gallium-67 kumene PET kulibe. Chigamulo chenicheni chimabwera akatengako kachidutswa pamalopo n'kukameretsa kulabu, ndipo labuyo iuzidwe kuti idikire mpaka masiku 14, chifukwa kachilomboka kamamera mochedwa. Musamwe maantibayotiki ongoganizira zimenezi zisanachitike, amabisa umboni.

Funso lanu lomaliza ndi limene limandikhudza kwambiri. Ayi, kadontho kowala si chilolezo cha opaleshoni. Anthu ambiri a zaka zopitirira 50 ali ndi timfundo towala mumsana koma sakumva ululu uliwonse. Ndimada nkhawa ndikaona lipoti langa likutengedwa ngati chigamulo, pomwe ine ndangoloza malo oti akaunikidwe. Njira yabwino ndi iyi: pamene pawala payerekezedwe ndi pamene inu mumaloza ndi chala, komanso ndi zimene dokotala wapeza pokupindani ndi kukukanikizani. Zikagwirizana, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalo enieniwo, akuona pa X-ray kapena CT. Mukadzuka n'kuchita zija zimakupwetekani, kuima, kudzuka pampando, ululu n'kupezeka kuti wachepa kwambiri kwa maola angapo, ndiye kuti gwero lapezeka. Ukapanda kusintha, kadontho kaja n'kosalakwa. Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera atakonzeka kale kuti amuchotse zitsulo, poganiza kuti ndizo zikumupweteka. Masikuluwu onse anali chete. Kamfundo kamodzi pamwamba pa zitsulozo ndiko kankawala. Atamubaya pamenepo anaimirira n'kupindikira kumbuyo, chinthu chimene anali atasiya kalekale, ndipo opaleshoni ija sinachitikenso.

Ngati vuto lili pa facet, pali masewera olimbitsa minofu ya pamimba, pamsana ndi m'matako motsogozedwa ndi a fiziyo, ndipo ululu ukakanirira amatha kuwotcha timitsempha tonyamula ululu pamalopo ndi singano yapadera. Mpumulo wake umatha miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo amabwereza. Sacroiliac imayambiranso pa fiziyo ndi jekeseni. Mng'alu wobwera ndi kufooka kwa mafupa umafuna nthawi ndi mankhwala olimbitsa mafupa. Opaleshoni yachiwiri ili ndi malo ake: mafupa osalumikizika amene akugwedera ndipo akupweteka, sikuluwu yomasuka kapena yothyoka imene ikuvutitsa, tizilombo tozama, kapena mtsempha wopanikizika umene ukufooketsa mwendo. Koma opaleshoni yobwereza imakhala yovuta kuposa yoyamba chifukwa cha zipsera, ndipo mwayi wothetsa ululu umakhala wocheperako. Ndiye aliyense wokuuzani za mpeni afotokoze momveka kuti akukakonza chiyani, ndipo umboni wake ndi uti. Kufunsa dokotala wina wa msana kuti aunikenso si chipongwe kwa dokotala wanu.

Mwina chithunzi chidzatuluka chopanda kanthu. Odwala ena amakhumudwa, amaona ngati tikunena kuti akunama. Kwa ine chotsatira chimenecho n'chamtengo wapatali, chifukwa chikutiuza kuti mwachidziwikire palibe sikuluwu yogwedera kapena mng'alu watsopano, ndipo mutha kulimbitsa thupi mopanda mantha oti muthyola kanthu. Ululu wanu ndi weniweni ndithu. Ukhoza kuchokera m'minofu, kapena m'mitsempha imene yazolowera kutumiza uthenga wa ululu ngakhale bala linapola, ndipo zimenezi zili ndi chithandizo chake kwa madokotala oona za ululu wokhalitsa.

Pamene mukudikira tsiku lojambula, pali zizindikiro zimene sizidikira. Mukamva dzanzi kumaliseche, pakati pa ntchafu kapena kuzungulira kotulukira chimbudzi, mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamangotuluka wokha, chimbudzi chikamakupulumukani, mwendo ukafooka mwadzidzidzi kapena phazi likamakokeka pansi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi thupi likatentha ndi kunjenjemera, pabala pakatupa, kufiira kapena kutuluka madzi. Ululu wosalola kugona usiku, wosasintha ngakhale mutembenuke bwanji, pamodzi ndi kuonda kosadziwika chifukwa, makamaka ngati munadwalapo khansa, muuzeni dokotala sabata yomweyo.

Popita kokajambulidwa, tengani lipoti la opaleshoni lokhala ndi tsiku lake ndi mafupa amene analumikizidwa, zithunzi zonse zakale osati malipoti okha, ndi mndandanda wa mankhwala amene mukumwa, makamaka olimbitsa mafupa. Nenani ngati munagwa posachedwa, ngati munabayidwa jekeseni mumsana, kapena ngati anatenga fupa pachiuno nthawi ya opaleshoni, chifukwa malo amenewo amatha kuwala n'kutisocheretsa. Muwasonyeze ndi chala chimodzi pamene pamapweteka kwambiri, ndipo muwapemphe alembe. Ngati n'kotheka, dokotala wanu alembe pafomu funso lenileni limene akufuna liyankhidwe, monga lakuti kodi L4 ndi L5 alumikizika, kapena kodi sikuluwu ya kumanja yamasuka. Fomu yongolembedwa kuti "msana ukupweteka" imabweretsa lipoti lotchula kadontho kalikonse, ndipo inu n'kubwerera kunyumba ndi nkhawa zambiri kuposa zimene munapita nazo. Zotsatira zikatuluka, pemphani kuti dokotala wa opaleshoni ndi wowerenga chithunzi akambirane, ndipo inu muone zithunzizo ndi maso anu akukufotokozerani.